Wobadwira ku Ndirande akapukwa, amapukwa kuti?

Nkhani za kupolisi ndi za kukhoti m'nyuzipepala zathu zimatha mofanana. Mneneri wa apolisi akafotokoza zonse, amatsekera ndi mawu oti woganiziridwayo amachokera m'mudzi mwa Uje, kwa mfumu yaikulu Yakuti, m'boma lakutilakuti. Zilibe kanthu kuti mnyamatayo adabadwira ku Gulupu, adakulira ku Ndirande, ndipo mudzi wotchulidwawo adangoupondako pa maliro a agogo ake. Fomu ya chiphaso cha unzika imafunsa zomwezo, ya pasipoti chimodzimodzi. Kwa boma, ndiponso kwa ambiri a ife, tauni ndi pogonera munthu akamasaka ndalama. Kwawo ndi kumene kuli manda a makolo. N'chifukwa chake munthu amene wachoka ku Blantyre n'kukakhala ku Lilongwe, ku Joni kapena ku Leicester akanena kuti wapukwa mzindawo, anzake amamuwongolera msanga: iwe wasowa abale, wasowa nsima ya mgaiwa ndi utaka, tauni munthu saipukwa. Ine ndikuti amaipukwa, ndipo kupukwa kwake si kwa masewera. Wolira Blantyre akulira kwawo, monga momwe mtchona wa ku Thyolo ankalirira kwawo ali ku migodi. Kukana kwathu kuvomereza zimenezi kumapweteka anthu ochokawo, koma amene wavulala nako kwambiri ndi mzinda weniweniwo.

Mzinda wa Blantyre udayamba wazolowera kulandira anthu, kutsanzikana nawo kudabwera pambuyo. Kuyambira mu 1876, pamene amishoni a Church of Scotland adamanga msasa wawo m'dera la mfumu Kapeni, anthu akhala akulowera kumeneko: amtengatenga a kampani ya ku Mandala, amisiri amene adaumba njerwa za tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chidatha mu 1891, ogwira ntchito za njanji ndi za fodya ku Limbe. Matauni awiriwo atalumikizidwa mu 1956, m'dziko muno mudalibe malo ena opikisana nawo pa ntchito, pa malonda kapena pa zisangalalo. Zinthu zidayamba kutembenuka mu 1975, likulu la dziko litachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Mu 1983 bwalo la ndege la Kamuzu lidalanda Chileka ndege zikuluzikulu. Bakili Muluzi adauchedwetsako msamukowo pokonda kukhala ku Sanjika, koma Bingu wa Mutharika atalowa m'boma mu 2004 adasonkhanitsira nduna ndi maofesi awo ku Lilongwe, ndipo mabungwe, makampani ndi aliyense wodyera ku boma adalondola. Kalembera wa 2008 adapeza kuti Lilongwe wapitirira Blantyre pa chiwerengero cha anthu. Wa 2018 adawerenga anthu 989,318 ku Lilongwe ndi 800,264 ku Blantyre. Ena sadatenge msewu wa Zalewa wopita kulikulu. Adakwera basi pa Wenela, malo omwe adatengera dzina ku bungwe lolemba anthu a ku migodi ya ku South Africa, n'kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge kulowera kumene ankalowera agogo awo. Kusiyana kwake n'kwakuti agogowo ankanyamukira kumudzi. Adzukuluwa akunyamukira ku Bangwe, ku Mbayani, ku Chilobwe, ndipo akamalota kwawo amalota kumeneko.

Mukawafunsa chimene akusowa, amayamba ndi zooneka. Amatchula mapiri, chifukwa ku Blantyre munthu sasochera: Ndirande uyo, Soche uyo, Michiru uko, Mpingwe kuseri kwa Limbe, ndipo ukadziwa phiri lomwe lili kumanja kwako wadziwa pamene waima. Lilongwe ndi chidikha, madera ake ndi manambala osatsatana, ndipo kuchoka ku Old Town kukafika ku City Centre miyendo siingakuthandize. Amatchula chiperoni, kamvula kozizira ka mu June ndi July komwe ankakatukwana ali komweko zovala zikakana kuuma. Amatchula tsiku lomwe Maule akumana ndi Manoma pa Kamuzu Stadium, mzinda wonse utagawika pakati, ofiira uku abuluu uko, mpaka m'nyumba imodzi. Koma mukamvetsera modekha, pansi pa zonsezi pali chinthu china. Munthu amene wakhala zaka 20 mumzinda amakhala ndi luso lomwe sadalipitire kusukulu. Amadziwa minibasi yodzera Highway ndi yozungulira ku Zingwangwa, mayi wa mumsika wa Limbe amene saumira basera, mmisiri wa ku Ndirande amene angasule chitsulo chilichonse cha galimoto, kanjira koti usadzereko dzuwa likalowa, wagolosale amene angakukongoze shuga mwezi ukafika poipa. Koposa apo, nayenso amadziwika. Kondakitala amadziwa pomutsitsira, mlonda wa pa geti amamufunsa za mwana wodwala uja. Tsiku losamuka, mipando ndi mapoto zimakwera lole, koma luso limeneli limatsala, chifukwa kwina kulikonse silikagwira ntchito. Bambo wa zaka 45 amayambiranso kufunsa njira kwa ana. Ku Johannesburg amayenera kuphunzira kuimitsa takisi ndi zala, dera lililonse ndi chizindikiro chake, ndipo akakwera amakhala duu, kuopa kuti lilime limuulula kuti ndi wobwera. Ali ngati mlimi amene adaudziwa munda wake mpaka chulu chilichonse, lero wapatsidwa khasu m'dimba la eni. Ululu umene amautcha kupukwa, mbali yake yaikulu ndi umenewu.

Otsutsa oyamba ndi akuluakulu, ndipo mfundo yawo ndi yolemera. Amati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. M'tauni ambiri amakhala nyumba za lendi. Landilodi akakwiya umatuluka mwezi womwewo, ntchito ikatha palibe wokutapira ufa. Kumudzi kuli munda, kuli mwinimbumba, kuli manda. Mwa anthu 100 alionse m'Malawi, 84 amakhala kumidzi malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo Harri Englund, yemwe adafufuza kwa nthawi yaitali moyo wa anthu a ku Chinsapo ku Lilongwe, adaonetsa momwe obwera m'tauni ambiri amagwiritsitsira mudzi: amatumizako ndalama, amalimako, amawerengera zodzabwererako. Zonsezi n'zoona kwa munthu amene adafika m'tauni ali wamkulu, chikwama m'manja. Nanga mwana wake? Tauni ndi kumene mnyamata wa ku Mulanje amakwatira mtsikana wa ku Rumphi. Kwawo kwa bamboyo amati ana ndi a kuchikazi. Kwawo kwa mayiyo amati ana ndi a kuchimuna. Mwana wa m'banja lotere mbali zonse ziwiri zimamuphera nkhuku akafika, koma pa nkhani ya munda aliyense amaloza kwa mnzake. Chimene ali nacho iye ndi Chilomoni. James Ferguson, pofufuza za antchito a m'migodi ya ku Copperbelt ku Zambia kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, adapeza anthu amene chuma chitagwa adakakamizika kupita kumidzi yomwe sankaidziwa bwino, kwa abale omwe ankawaona ngati onyada ndi omana. Ambiri ankanyamuka ndi mantha a ufiti ndi umphawi, osati ndi chimwemwe cha munthu wobwerera kwawo.

Ndiponso tisamayese kuti ganizo loti munthu wakuda ndi mlendo m'tauni tidalilandira lonse kwa makolo. Mbali yaikulu tidailandira kwa atsamunda, omwe lidawakomera. Wolemba mbiri John McCracken adafotokoza momwe pakati pa Blantyre padali pa azungu ndi amwenye, pamene antchito ambiri ankalawira m'mamawa kuchokera m'midzi yozungulira n'kubwerera wapansi madzulo. Wantchito amene kwawo ndi kwina safunika kumumangira nyumba yabwino, sukulu ya ana ake kapena kumusungira penshoni. Akakalamba mudzi udzamuona. Ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa adachita kuzilemba m'malamulo a mapasi. Kuopsa kwa ganizoli kudaonekera poyera ku Zimbabwe mu 2005, boma litagumula nyumba ndi misika m'matauni pa ntchito yomwe lidaitcha Murambatsvina. Lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, lidati anthu pafupifupi 700,000 adataya pokhala kapena popezera ndalama. Adauzidwa kuti abwerere kumidzi kwawo. Zidzukulu za Amalawi ku Mbare ndi m'makomboni ena a Harare, zomwe agogo awo adafika kumeneko ufulu usanabwere, zidalibe mudzi m'Zimbabwe, ndipo za Malawi zinkangomva m'nkhani za akuluakulu. Kwawo kudali komwe kudagumulidwako. Kunonso maliro ayamba kuchitira umboni. Mabanja ochuluka amaika okondedwa awo kumanda a HHI kapena a CI m'malo mokweza bokosi pa lole kupita kumudzi. Ena amati n'chifukwa cha kukwera mtengo kwa mafuta, koma anthu omwe amatha kusonkha ndalama zotengera mtembo kuchokera ku Cape Town sangalephere ulendo wa ku Chiradzulu chifukwa cha mafuta okha.

Amene amati tauni ilibe chikhalidwe choti munthu n'kuchisowa samvera wailesi. Kwela ya Daniel ndi Donald Kachamba, magitala a Robert Fumulani, reggae ya Evison Matafale ndi Black Missionaries, zonsezi zidaphukira ku Chileka, m'mphepete mwa mzinda, pomwe mudzi ndi tauni zimakumana, ndipo zidakulira m'mabala ndi m'maholo a Blantyre. Chichewa cha achinyamata a m'makomboni, chomwe aphunzitsi amachidandaula chaka ndi chaka, ndi chilankhulo cha Myao, Mlomwe, Msena ndi Mtumbuka okulira pa mpopi umodzi. Anthu awiri a ku Blantyre akakumana kunja safulumira kufunsana mtundu. Amafunsana kuti mumakhala mbali iti, mudaphunzira pati, ndinu a timu iti. M'dziko lomwe ndale zake zimawerenga anthu ndi zigawo, ubale wotere si wochepa.

Otsutsa achiwiri ndi amene adatsala. Iwo amaseka akamva wa ku Manchester akuusa moyo chifukwa cha Ndirande. Amafunsa kuti akusowa chiyani kwenikweni. Mipopi youma, poti madzi ambiri a mzindawu amachita kupopedwa chokwera kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo magetsi akathima nawonso amaleka? Fungo la Mudi? Kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno n'kuchedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe? Ngati kudali kokoma chotero, adachokeranji? Funsoli ndi lachilungamo, ndipo n'zoona kuti mtima wa munthu amene ali kutali umasefa, umasunga chiperoni n'kuiwala matope ake. Koma umphawi wa malo suchititsa kuti misozi ya owalira ikhale yabodza. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 akuluakulu a mzinda wa Boston ku America adagumula dera la West End, ati ndi lauve, n'kubalalitsa anthu ake. Marc Fried, katswiri wa za maganizo, adawalondola anthuwo ndipo mu 1963 adalemba kuti amayi 46 mwa 100 alionse, ndi abambo 38 mwa 100 alionse, adaonetsa chisoni chachikulu chonga cha anamfedwa. Ku Sophiatown ku Johannesburg kudali zigawenga ndi nyumba zothithikana, koma anthu omwe adayamba kusamutsidwa ndi apolisi a mfuti kupita ku Meadowlands mu February 1955 adakalamba akulira malowo. District Six ku Cape Town, komwe anthu oposa 60,000 adachotsedwa boma litalengeza mu 1966 kuti ndi dera la azungu, lero ili ndi nyumba yosungira mbiri yake yomwe idatsegulidwa mu 1994, ndipo ochotsedwawo ndiwo adabweretsa zithunzi ndi kulemba maina awo pa mapu a misewu yomwe kulibenso. Wina anena kuti awa adachita kuthamangitsidwa pamene wathu wa ku Manchester adachoka yekha. Kusiyanako kulipo, ndipo sindikuyerekeza nkhanza za tsankho ndi tikiti ya ndege. Koma munthu amene fakitale yake yatsekedwa, kapena amene walandira kalata yoti Lolemba akayambe ntchito ku Capital Hill, kusankha kwake kudali kochepa kuposa momwe otsalawo amaganizira.

Mfundo yovuta kuyankha kuposa zonse ndi yakale kwambiri. Mu 1798 Immanuel Kant, polemba za anthu a ku Switzerland omwe ankadwala chifukwa chopukwa kwawo, adati akabwererako amakhumudwa n'kuchira, akuyesa kuti dziko lawo lasintha, chonsecho chimene ankalira ndi ubwana wawo, womwe sungabwerere. Pa Blantyre mfundoyi imaluma. Mzinda umene wa ku Leicester akuulira ndi uja wa mabasi a UTM ndi Stagecoach, wa chikhamu cha antchito a David Whitehead akuweruka ku Makata, wa masitolo a PTC ndi Kandodo, wa Lamlungu masana ku French Cultural Centre kukaonera zisudzo za Du Chisiza Jr kapena za a Kwathu. Du adamwalira mu 1999, Whitehead idagulitsidwa mu 2003 itafooka kale, Afalansa adachoka pamalo awo aja mu 2011, ndipo fakitale ya mowa ya Carlsberg, yomwe mu 1968 idali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, idapita kwa Castel mu 2016. Ngakhale Flames masiku ano imalandirira alendo ake ku Bingu National Stadium ku Lilongwe. Wobwerako patatha zaka 15 amapeza njinga zamoto za kabaza paliponse, ndi ana osamudziwa pakhomo pomwe adabadwira. Kant adaonadi chinthu chenicheni. Koma ngati mfundo yake ikuthetsa mlandu wa tauni, ikuthetsanso wa mudzi, chifukwa nakonso agogo adapita, mitengo ya masuku idasanduka makala, dambo lidauma, komabe palibe amene amauza wopukwa mudzi kuti akunama. Ndipo pali pena pomwe Kant sakutikwanira: amene sadachoke ku Blantyre nawonso amalira Blantyre. Phiri la Ndirande lidalidi ndi nkhalango mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo idathadi. Uku si kulota kwa nkhalamba. Wopukwayo ndi mboni ya zinthu zomwe zidatheka pamalo omwewo, ndipo mzinda womwe ana ake ambiri adabadwa phirilo lili kale mbee umaifuna mboni yotere.

Mboni nayonso imafunsidwa mafunso. Svetlana Boym, yemwe adachoka ku Leningrad n'kukaphunzitsa ku Harvard, m'buku lake la mu 2001 adasiyanitsa kupukwa kwa mitundu iwiri. Kwina kumafuna kumanganso dzulo monga lidalili ndipo sikulola kutsutsidwa. Kwina kumadziwa kuti dzulo lidapita, ndipo kumalisinkhasinkha, zokoma ndi zowawa zomwe. Mtundu woyambawo ndi uja woonetsana zithunzi za Victoria Avenue yosesedwa bwino ya m'ma 1970 n'kumati kale zinthu zinkayenda. Zina zinkayendadi. Koma pa chipata cha msika ndi pokwerera basi padali achinyamata a chipani ofunsa khadi, ndipo mu May 1992, sitalaka yomwe idayambira ku Whitehead komweko itasanduka zipolowe, anthu oposa 30 adaphedwa, ambiri ndi zipolopolo za apolisi. Zimenezi nazo zidachitikira m'misewu yomweyo.

Achinyamata ali ndi kutsutsa kwawokwawo: masiku ano kulibe kutali. Blantyre ndi Lilongwe zatalikirana makilomita opitirira pang'ono 300, basi ya m'mawa imafika masana, ndipo wa ku Joni amaonera chinkhoswe cha mlongo wake pa foni chikuchitika. Koma mtunda sudakhalepo muyeso wa nthendayi. Johannes Hofer, wophunzira za udokotala yemwe mu 1688 adalemba za kupukwa ngati matenda, adasimba za mnyamata wa ku Bern amene adadwala mwakayakaya akuphunzira ku Basel, mtunda wosafika ndi wochoka ku Blantyre kupita ku Balaka, ndipo adayamba kupeza bwino ulendo womubwezera kwawo utangokonzedwa. Foni imakulumikiza ndi anthu omwe uli ndi manambala awo. Mzinda, mosiyana ndi mudzi, umadzadza ndi anthu omwe suwadziwa maina: wogulitsa nyuzi pa Ginnery Corner, wosoka nsapato pa khonde la sitolo ku Limbe, gulu lomwe umadikira nalo minibasi m'mawa uliwonse kwa zaka. Amenewa pa WhatsApp palibe. Kubwera pa tchuthi nakonso si kukhala. Wobwera pa Khirisimasi amafika ndi mphatso, amayendera abale mothamanga, ndipo funso lomwe silichedwa ndi loti abwerera liti. Kwa ambiri a ku South Africa ngakhale tchuthicho palibe, chifukwa masiku a pa pasipoti adatha kalekale ndipo kutulukira pa Beitbridge n'kudzitsekera khomo. Amauonanso mzinda wawo zinthu zikavuta: mu 2008 ndi mu 2015 pothawa ziwembu zochitira obwera, ndi mu May 2020 pa mabasi a nthawi ya Covid-19, pamene adawatsitsira pa Kamuzu Stadium ndipo oposa 400 adathawapo osadikira zotsatira za kuyezedwa. Adadzudzulidwa kwambiri, ndipo mwa zina moyenera. Koma kwa amene kwawo kudali ku Soche kapena ku Ndirande, adaikidwa pa bwalo lomwe ankadandaula kuti palibe chakudya ndi zimbudzi zokwanira, phiri la kwawo akuliona apo, atatha zaka osaliona.

Tsono chimene tikutaya n'ichi. Kupukwa mudzi tidakulambulira njira: Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, Umthetho ku Hora, Umhlangano ku Ntcheu, Gonapamuhanya ku Bolero, Kulamba ku Mkaika. Munthu wopeza bwino ku Lilongwe kapena ku London amadziwa kotumiza chopereka, nsalu yoti avale ndi tsiku loti afike. Amamanga nyumba kumudzi imene amagonamo masiku ochepa pa chaka, mwina n'kudzaimirako pa chisankho. Kupukwa tauni kulibe khomo lolowera. Kumathera m'macheza a pa mowa, kukakula kumathera m'timagulu ta ophunzira akale tokapenta makalasi kusukulu yawo. Kuyambira 2005 mpaka 2014 mizinda yathu idakhala yopanda makhansala osankhidwa, ndipo sipadamveke mfuu yonga imene imamveka ufumu wa pamudzi ukakhala chaka chimodzi wopanda mwini. Mawu oti "kuno tidangotsata ndalama" amamveka odzichepetsa, koma ndi chilolezo. Wongodutsa sabzala mtengo, safunsa kumene zapita ndalama za msonkho wa nyumba, sadandaula zinyalala zikamatsikira mu Nasolo ndi mu Mudi. Sindikunena kuti maganizo okha ndiwo adameta Ndirande ndi Soche. Umphawi, kusowa kwa malo omangapo ndi kudalira makala zidachita mbali yaikulu. Koma mu March 2023, namondwe wa Freddy atakokolola miyala ndi matope a m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe, tidaona zinthu ziwiri nthawi imodzi: mathero a mzinda wosowa mwini, ndi kuchuluka kwa eni ake amene sitidawawerengere. Thandizo lidachokera ku Lilongwe, ku South Africa, ku Britain ndi ku America, ndipo pakati pa osonkhawo padali anthu otchula tinjira ta ku Chilobwe ndi ku Manja pamtima, ngakhale ziphaso zawo zimati Ntcheu, Nkhata Bay kapena Nsanje. Chaka cha 2026 ndi cha 150 chiyambire Blantyre, ndipo khonsolo yochenjera ikadayambira pa kufunsa kuti ana ake obalalikawa ali kuti, ndiponso kuti ingawapatse ntchito yanji kupatula kusonkha za maliro.

Latsala dandaulo la akazi ndi amuna a anthu opukwawa, komanso la maneba awo atsopano, loti munthu wokhalira kukamba za Blantyre sakhazikika, amanyoza kumene akudya, zaka 20 ali ku Area 25 koma akunenabe kuti Lilongwe ndi chimudzi chachikulu. Anthu otere alipo, ndipo amatopetsa. Koma kafukufuku sakuvomereza kuti kukumbukira ndiko kumawalepheretsa. Constantine Sedikides ndi Tim Wildschut a pa yunivesite ya Southampton, pamodzi ndi anzawo a ku China, adafalitsa mu 2008 zomwe adapeza pakati pa ana a anthu osamukira mumzinda komanso antchito a m'fakitale kumeneko. Kusungulumwa kumachititsa munthu kudziona ngati alibe womuthandiza, koma kumadzutsanso zikumbutso za kale, ndipo zikumbutsozo zimamubwezera mtima woti ali ndi anthu. Ine ndikuona kuti munthu wa mtima wotere ndi amene amayamba kupereka moni kwa neba, ndiponso kuti amene adaphunzira kukonda mzinda umodzi ali ndi poyambira pa wachiwiri, kusiyana ndi amene adakula akuuzidwa kuti tauni siikondedwa. Akachedwa iye, ana ake sachedwa. Mwana wobadwira ku Bwaila n'kukulira ku Area 49 sachidziwa chiperoni. Amadziwa fumbi la mu October, mpira wa Silver Strikers ndi Civo, ndi kaunjika wa pa Tsoka. Wa ku Rosettenville amalankhula Chizulu mumsewu, Chichewa pa nsima. Amenewa akadzachoka adzapukwa Lilongwe ndi Johannesburg, ndipo woyamba kuwauza kuti kumeneko si kwawo adzakhala bambo awo omwe aja, amene mpaka lero akukangana ndi amalume awo kuti iwo kwawo ndi ku Zingwangwa.